Cikomekome ca Mkuyu

1. Njinga zoimitsa anthu pa njira

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America muli masitolo amene sagulitsa kanthu kena koma njinga za mpikisano zokha. Njingazo siziunjikidwa pansi monga katundu wamba. Zimapacikidwa pa khoma, kapena kuimikidwa pa thebulo kuseri kwa galasi, nyali zirikuziwalira usana ndi usiku. Anthu opita pa njira amaima, nayang'anitsitsa, napukusa mitu ndi kuzizwa. Ena amazijambula ndi kutumiza zithunzizo kwa anzao, ndipo amaceza nazo kufikira usiku, wina kunena kuti yokongola ndi iyi, wina kuti ndi iyo. Ambiri a iwo sadzakwera njinga yotere masiku onse a moyo wao, pakuti mtengo wa imodzi umafika madola a ku America 12,000, ndipo zina zimapyola 15,000.

Njinga ya mpikisano isiyana kutali ndi njinga imene imapita ndi thumba la cimanga ku cigayo. Iribe kaliyala, iribe madigadi, iribe belu. Matayala ace ngoonda ngati cala cacikulu ca munthu, mahandulo ace ngopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, ndipo munthu angathe kuitukula ndi zala ziwiri. Kupepuka kwace kunafika poti bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, linaika lamulo m'caka ca 2000 lakuti njinga yolowa mu mpikisano isacepere makilogalamu 6.8 kulemera kwace.

Kodi munthu alakwa akaima ndi kuyamika cinthu cotere? Iai, salakwa. Iye amene sakondwa poona dengu lolukidwa bwino, kapena mtondo wosemedwa bwino, ali ndi mtima wouma. Koma kuyamika kuli pawiri. Kulipo kuyamika kwa munthu wodziwa, amene aona cinthu nazindikira cifukwa cimene mmisiri anacipangira motero. Kuliponso kuyamika kwa munthu wongotengeka, amene aona utoto wonyezimira, dzina lochuka ndi mtengo waukulu, nagwada pomwepo. Kuyamika kwaciwiriku ndiko kuyenera kutsutsidwa, pakuti kwadya ndalama za anthu ambiri, kwakwirira maina a amisiri eni eni, ndipo tsopano kwayamba kuononga njinga zimene. Akulu akale anacenjeza kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

2. Kumene kukongola kunacokera

Amisiri oyamba a njinga sanali kufunafuna kukongola. Anali kufuna njinga yolimba, yopepuka ndi yaliwiro, ndipo kukongola kunadza kokha pambuyo. M'caka ca 1885 Mngerezi wina wa ku Coventry, dzina lace John Kemp Starley, anapanga njinga ya magudumu awiri osasiyana kwambiri msinkhu, yoyendetsedwa ndi cheni. Zisanapite zaka zambiri, amisiri anapeza kamangidwe ka feremu kamene kalipo kufikira lero, ndiko mapaipi olumikizidwa m'zigawo ziwiri za ngodya zitatu zitatu. Yense amene anamangapo denga la nyumba adziwa kuti mitengo itatu yomangidwa nsonga ndi nsonga siphwasuka msanga. Maonekedwe a njinga amene maso a anthu anazolowera anabadwa m'nzeru imeneyo.

M'caka ca 1897 Alfred Reynolds wa ku Birmingham anapeza njira yopangira paipi ya citsulo yocindikala kunsonga, kumene imakomana ndi inzace, koma yopyapyala pakati, pamene sipafunika mphamvu yambiri. Kunja paipiyo ioneka yofanana ponse ponse. Luso lonse liri m'kati, kumene diso silifika. M'caka ca 1935 kampani ya Reynolds inatulutsa mapaipi a nambala 531, amene akatswiri anapambana nao mipikisano zaka zambirimbiri.

Mapaipi otere anali kulowetsedwa m'zolumikizira za citsulo, monga mpini ulowa m'bowo la nkhwangwa ya ku sitolo, ndipo mmisiri anali kusungunulira mkuwa kapena siliva m'mpata wotsala. Atatero anali kutenga tupa ndi kupala m'mphepete mwa columikiziraco, kufikira papyapyala ngati tsamba. Sanali kucita ici kuti akondweretse maso. Mphepete yocindikala imaunjika mphamvu pa malo amodzi, ndipo paipi imang'aluka pomwepo. Koma yopalidwa bwino imagawa mphamvuyo pang'ono pang'ono. Cifukwa cace munthu wodziwa akaona njinga yakale, amayamba kuwerama pa zolumikizira zace asanawerenge dzina.

Anthu a ku Italy amasimba za mnyamata wina wa mpikisano, Tullio Campagnolo, amene anafika pa phiri la Croce d'Aune tsiku la cisanu coopsa, nafuna kumasula gudumu lakumbuyo kuti asinthe giya. Zala zace zinauma ndi kuzizira, nalephera kupotokola manati, ndipo anzace anampitirira. Pambuyo pace iye anapanga kacitsulo komasulira gudumu ndi dzanja lokha popanda sipanala, ndipo m'caka ca 1933 anayambitsa kampani yace ku Vicenza. Kacitsuloko nkokongola ndithu, kokhota bwino kolowa m'cikhatho. Koma kanakhota motero kuti dzanja lozizidwa likagwire.

Tsono pano mpamene payambira bvuto. Pa 25 October 1972, katswiri wa ku Belgium, Eddy Merckx, anapalasa makilomita 49.431 pa ola limodzi ku Mexico City, kuposa onse amene anayesa iye asanayese. Njinga yace anaipanga Ernesto Colnago wa ku Italy, amene anaboola timabowo m'zitsulo zace zina kuti ipepuke, ndipo sinafike makilogalamu 6. Njingayo inapangidwira ola limodzi lokha, pa bwalo losalala lopanda mwala kapena dzenje. Koma anyamata ambiri a zaka zimenezo, poona njinga zoboola za akatswiri, anatenga zoboolera nayamba kuboola mabuleki, mahandulo ndi magiya a njinga zao zoyenda nazo m'miseu, ndipo zina zinathyoka. Iwo anaona mabowo, koma sanafunse cimene mabowowo anaboolera.

3. Dzina la pa feremu

Munthu wongotengeka amayamba ndi kuwerenga dzina lolembedwa pa feremu. Likakhala la ku Italy, monga Colnago, Pinarello kapena Bianchi, mtima wace umagwa pomwepo. Koma dzina la pa feremu lanama kawiri kawiri, ndipo mbiri ya mipikisano icitira umboni.

Njinga ija ya Merckx itafika ku Mexico, anamatapo timapepala ta dzina la Windsor, kampani ya m'dzikomo, imene sinagwire nchito iri yonse pa njingayo. M'caka ca 1988 Andy Hampsten wa ku America anapambana mpikisano waukulu wa dziko la Italy, wa Giro d'Italia, pa njinga yolembedwa Huffy, ndiyo kampani yodziwika ndi njinga zochipa za m'masitolo wamba. Koma amene anaimanga ndi manja ace anali mmisiri wina, John Slawta, amene dzina lace anthu oonerera sanalione. Momwemonso Dario Pegoretti wa ku Italy, amene anamwalira m'caka ca 2018, anamanga maferemu a akatswiri akuluakulu, mmodzi wa iwo Miguel Indurain wa ku Spain, ndipo maferemuwo anapakidwa maina a makampani ena. Khamu linaombera m'manja utoto, mmisiri ali cete m'nyumba yace ya nchito.

Masiku ano njinga zambiri za mtengo wapatali sizipangidwanso ndi citsulo, koma ndi kaboni. Kaboni ndi ulusi wakuda, woonda koposa tsitsi la munthu, woyalidwa m'timapepala tonyowetsedwa ndi guluu wolimba. Anchito amadula tizidutswa mazana angapo, natiyala ndi manja m'cikombole, kena pamwamba pa kanzace, kali konse koyang'ana kumene mphamvu idzadzera. Atatha amatseka cikombole ndi kuciocha m'uvuni. Nchitoyi njofuna kudekha kwakukulu, ndipo yoculuka icitika ku Taiwan ndi ku China. Kampani ya Giant, imene inayamba ku Taiwan m'caka ca 1972, inakula ndi kupangira makampani ena njinga zolembedwa maina ao. Zilipo njinga zowerengeka zimene zimangidwabe ku Italy, koma zambiri zonyamula maina a ku Ulaya ndi ku America zinayalidwa ndi manja a anthu a ku Asia. Palibe coipa pa nchito ya anthu amenewo, pakuti ambiri ndi amisiri okhoza. Coipa ndi ici: woyamika dzina amatamanda dziko limene silinagwire nchito, naiwala manja amene anaigwira.

Ndiponso maina amenewo asanduka malonda pa okha. M'caka ca 2016 gawo lalikulu la kampani ya Pinarello linagulidwa ndi gulu la amalonda logwirizana ndi eni ace a Louis Vuitton, ogulitsa zikwama ndi zobvala za anthu acuma. Pambuyo pace, m'caka ca 2023, linagulitsidwanso. M'caka ca 2020 gawo lalikulu la Colnago linagulidwa ndi amalonda a ku Abu Dhabi. Anthu otere sataya cuma cao pacabe. Anaona kuti dzina lokha likhoza kukweza mtengo. Akuba naonso anaona comweco, cifukwa cace pa intaneti pamagulitsidwa maferemu onyenga, opakidwa maina ochuka, amene palibe anawayesa mphamvu. Wakuba sakopa luso la m'kati, pakuti adziwa kuti wogula wace sadzalifunsa. Amakopa utoto ndi zilembo basi.

4. Utoto

Utoto uli ndi malo ace. Kampani ya Bianchi, imene Edoardo Bianchi anaiyambitsa ku Milan m'caka ca 1885, idziwika ndi utoto wa mtundu wa pakati pa thambo ndi msipu, umene eni ace amaucha celeste. Anthu a ku Italy aukonda utotowo koposa, ndipo cifukwa cace cimveka. Fausto Coppi anapambana Giro d'Italia ndi Tour de France m'caka cimodzi pa njinga ya Bianchi, poyamba m'caka ca 1949, kaciwiri m'caka ca 1952, dziko lao lirikudzuka ku mabvuto a nkhondo. Thukuta la munthu ndilo linaupatsa utotowo ulemu.

Koma pali utoto wina umene sukumbutsa nchito iri yonse. M'caka ca 2009 mmisiri wa zojambula wa ku England, Damien Hirst, anakongoletsa njinga ya Trek ndi mapiko eni eni a agulugufe, ndipo inagulitsidwa ku New York pa mtengo wa madola 500,000. Ndalamazo zinapita ku nchito yothandiza odwala khansa, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma wowerenga azindikire kuti pansi pa mapikowo panali feremu yofanana ndi zinzace za m'gulu lomwelo. Mapiko a agulugufe sanaonjezere liwiro lace ngakhale pang'ono.

Utoto ukhozanso kubisa ngozi. Kaboni wopangidwa bwino ngwolimba kwambiri. Mpikisano wa Paris–Roubaix ku France umadutsa makilomita oposa 50 a miseu ya miyala yogumuka, ndipo njinga ya kaboni ya Colnago C40 inaupambana kasanu pakati pa 1995 ndi 2000. Koma kaboni asiyana ndi citsulo pa kafedwe kace. Citsulo cikamenyedwa cimapindika kapena kuphwanyika mooneka, nicicenjeza mwini wace. Kaboni akamenyedwa, timapepala ta m'kati tikhoza kulekana, kunja kuli kosalala ndi konyezimira monga kale. Ndipo tsiku lina feremu kapena foloko ithyoka mwadzidzidzi. Munthu wogula njinga yotere kwa mnzace, wongodalira kuti utoto ulibe cipsera, aika khosi lace pa cinthu cimene sanaciyese.

5. Pamene maonekedwe agonjetsa nchito

Wina anganene kuti kuyamika kopanda nzeru kumapweteka woyamikayo yekha. Si conco ai. Opanga njinga amamvetsera zimene ogula atamanda, napanga zomwezo.

M'zaka za m'ma 1980 kampani ija ya Campagnolo inatulutsa mabuleki ochedwa Delta. Anali a ngodya zitatu, osalala, onyezimira ngati kalilole, ndipo zitsulo zonse zogwira nchito zinabisika kuseri kwa cibvundikiro. Kufikira lero anthu ambiri amati sipanakhalenso mabuleki okongola ngati amenewo. Koma anali olemera, obvuta kucuna, ndipo okwera ambiri anadandaula kuti sanali kugwira monga mabuleki ena ochipa. Kampaniyo inaleka kuwapanga kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Cinthu cozizwitsa ncakuti osonkhanitsa zakale amawagula pa mtengo waukulu kufikira tsopano. Nanga buleki imene itamandidwa pa zonse, kupatula pa kuimitsa njinga, iyenera kuchedwa yokongola bwanji?

Matenda omwewo abweranso m'njira yina. Kale mawaya a mabuleki ndi a magiya anali kuyenda poyera, ndipo wokonza njinga anali kuwasintha m'kanthawi kocepa. Tsopano ogula afuna njinga yosaonetsa waya ngakhale umodzi. Cifukwa cace timapaipi ta mafuta a mabuleki timalowa m'mahandulo, nitidutsa pakhosi pa feremu pamene foloko ilowa, nititulukira kumagudumu. Opanga amanena kuti ici cicepetsa mphepo yokankha njinga, ndipo nzoona kuti kwa katswiri wothamanga makilomita 45 kapena 50 pa ola, kaphindu kakang'ono kalipo. Koma kwa munthu wamba phindulo silimveka m'miyendo, pamene bvuto lace limveka m'thumba. Maberingi a pakhosi akatha, pa njinga zambiri zotere wokonza ayenera kumasula timapaipi ta mabuleki, kusintha maberingiwo, kulumikizanso zonse ndi kuthira mafuta atsopano. Nchito ya mphindi zowerengeka yasanduka ya maola.

Ndipo si ndalama zokha. M'caka ca 2021 kampani ya Specialized ya ku America inaitanitsa njinga zace za Tarmac SL7 kuti zikonzedwe, pakuti tizitsulo ta pakhosi, pamene padutsa timapaipi tobisikato, tinali tokhoza kung'alula paipi ya foloko njinga ikagunda dzenje mwamphamvu. Kampaniyo inacita bwino kuulula ndi kukonza. Koma wowerenga alingalire cimene cimacitika kwa munthu amene foloko yace yathyoka alikutsika phiri.

Ayerekezenso ndi zimene zinacitika m'caka ca 1913. Pa mpikisano wa Tour de France, foloko ya Eugène Christophe inathyoka alikutsika phiri la Tourmalet. Iye anasenza njinga yace, nayenda pansi mtunda wautali kufikira mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, nalowa m'cipala ca wosula, naisula folokoyo ndi manja ace, pakuti malamulo sanalole kuti wina amthandize. Oweruza anamlanga cifukwa mnyamata wina anambvukutira moto. Komabe anakweranso, natsiriza mpikisano wonse kufikira ku Paris. Palibe afuna kuti akatswiri abwerere ku njinga zolemera za masiku amenewo. Koma cinthu cimene mwini wace akhoza kucimvetsa ndi kucikonza ciri ndi kukoma kwina kumene galasi la sitolo silionetsa.

6. Ukaipa dziwa nyimbo

Ngati njinga yokongola ikhoza kulephera nchito, nayonso njinga yonyansa ikhoza kupambana. Graeme Obree wa ku Scotland analibe cuma cogulira njinga ya dzina. Anadzimangira yace ndi zitsulo zimene anapeza, natenga maberingi m'makina ocapira zobvala. Pokwera anali kupinda manja pansi pa cifuwa, mutu uli patsogolo, ndipo ambiri anamseka. Pa 17 July 1993, ku Hamar m'dziko la Norway, anapalasa makilomita 51.596 pa ola limodzi, napyola makilomita 51.151 amene Francesco Moser wa ku Italy anapalasa m'caka ca 1984. Njingayo lero isungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Scotland, ndipo anthu amapita kukaiona.

M'caka ca 1989 Greg LeMond wa ku America anafika tsiku lotsiriza la Tour de France ali m'mbuyo mwa Laurent Fignon wa ku France ndi masekondi 50. Tsikulo ali yense anayenera kupalasa yekha makilomita 24.5 kucokera ku Versailles kufika ku Paris. LeMond anamangirira pa mahandulo ace citsulo cokhota cotsamirapo mikono kutsogolo, nabvala cisoti cosongoka kumbuyo. Kwa anthu okonda maonekedwe akale zinthuzi zinali zacilendo ndi zosakoma m'maso. Koma zinang'amba mphepo, ndipo LeMond anapambana mpikisano wonse wa milungu itatu ndi masekondi 8 okha. Posacedwa akatswiri onse anayamba kugwiritsa nchito zitsulo zoterozo pa mipikisano yopalasa munthu yekha, ndipo maso a anthu anazizolowera, nayamba kuziyamika. Apa paoneka poyera kuti diso limatsata nchito pambuyo, monga mwana atsata amace.

Muyeso umenewu suli wa njinga za mpikisano zokha. Kampani ya SRAM ya ku America ipanga magiya a mtengo wapatali a njinga za akatswiri. Mmodzi wa oiyambitsa, F.K. Day, ndiye anali pakati pa oyambitsa bungwe la World Bicycle Relief m'caka ca 2005, limene linatulutsa njinga ya Buffalo, yodziwika m'midzi ya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Buffalo ipyola makilogalamu 20 kulemera kwace, ndipo kaliyala wace anapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100. Pa mpikisano ingatsalire kutali. Koma njinga ya madola 12,000 itasenzetsedwa matumba awiri a cimanga pa mseu wa pfumbi, singafike ku cigayo. Iri yonse njokoma pa nchito imene anaipangira. Munthu amene aphunzira kuona cifukwa cimene sipoko ya Buffalo inacindikalira, ndiye adzathanso kuona cifukwa cimene paipi ya njinga ya mpikisano inapyapyalira.

7. Mau a otsutsa

Alipo amene adzati, "Ndalama nzace, maso ngace, mlekeni agule cimene cimkonda." Inde, palibe amlanda ufulu umenewo. Koma zimene olemera atamanda lero, opanga amazitsitsira mawa ku njinga za mtengo wocepa. Mawaya obisika afika kale pa njinga za anthu wamba, amene alibe wokonza wa pa yekha monga ali nao akatswiri. Ndiponso mnyamata wa miyendo yamphamvu, akamva masiku onse kuti njinga yeni yeni ndi ya madola zikwi khumi, amataya mtima asanayambe, kapena amalowa m'ngongole imene idzamlanda mtendere zaka zambiri. Coonadi ncakuti liwiro lalikulu licokera m'miyendo, m'mapapo ndi m'kakhalidwe ka thupi pa njinga, pakuti mphepo yoculuka imakankha munthu wokwerayo, yocepa ndiyo ikankha feremu.

Ena adzati, "Kukongola kuli ndi mtengo wace pa kokha, monga cithunzi ca pa khoma." Mau awa ali ndi nzeru, ndipo amene afuna kupacika njinga pa khoma apacike. Koma cithunzi sicinyamula munthu potsika phiri pa liwiro la makilomita 80 pa ola. Njinga inyamula moyo, cifukwa cace iyenera kuweruzidwa monga aweruzira bwato kapena mlatho. Palibe munthu wanzeru amene amalowa m'bwato cifukwa ca maluwa ojambulidwa pa mphuno yace, asanayang'ane pansi pace ngati sipacuca.

Enanso adzati, "Awa ndi mau a nsanje, a anthu osakhoza kugula." Koma nkhani ino siletsa wosauka kuyang'ana, ndipo siletsa wolemera kugula. Kuyang'ana kulibe msonkho. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo, amene manja ace adziwa kuongola rimu ndi kucuna masipoko kufikira gudumu lizungulira losagwedera, akaona njinga ya mpikisano amaona zambiri koposa mwini cuma amene anaigula cifukwa ca dzina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Wocenjeza wogula sali mdani wa kukongola.

8. Kuphunzitsa maso

Pamwamba pa phiri lina pafupi ndi nyanja ya Como ku Italy pali kachalichi kochedwa Madonna del Ghisallo, kamene kuyambira m'caka ca 1949 kadziwika ngati ka anthu okwera njinga. M'makoma mwace mwapacikidwa njinga za akatswiri, monga Coppi, Gino Bartali, Merckx ndi Moser. Zina nzakale ndi zosuluka utoto, ndipo pa muyeso wa masitolo a lero nzolemera. Muli ndi njinga yopindika ya Fabio Casartelli, mnyamata wa ku Italy amene anagwa namwalira potsika phiri pa Tour de France m'caka ca 1995. Anthu amapalasa citunda cowawa kuti akazione. Palibe pepala la mtengo pa njinga iri yonse m'menemo, ndipo palibe alifunsa; cimene afunsa ndi munthu amene anaikwera, ndi phiri limene anakwera nayo.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu akaima pamaso pa njinga ya mtengo wapatali, kapena pa cithunzi cace, asafulumire kuwerenga dzina. Ayambe wayang'ana pamene mapaipi akomana, aone ngati nchito yace njaukhondo. Afunse cifukwa cimene paipi iyi inakulira ndi iyo inaondera, ndipo akapeza cokhota kapena cobisika cimene palibe angathe kulongosola nchito yace, acikayikire. Afunse kumene feremu inapangidwa ndi amene anaiyesa mphamvu. Afunsenso kuti buleki ikaleka kugwira, kapena maberingi akatha, adzakonza ndani, ndi zipangizo zotani, ndi pa mtengo wanji. Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso otere. Amene akwiya nao ali ndi cimene abisa.

Njinga imene iyankha bwino mafunso amenewa iyamikidwe ndi mtima wonse, ngakhale woyamikayo alibe khobidi m'thumba, pakuti m'menemo muli nzeru za amisiri a zaka zoposa zana limodzi. Koma imene iyankha ndi utoto ndi dzina lokha isiyidwe kuseri kwa galasi komweko, ndipo ndalama zimene zikanapita kumeneko zigule matayala abwino, mabuleki ogwira ndi cisoti coteteza mutu.